Ndatsika makilogalamu 9 koma sikelo yaima: kodi ndisiyiretu nsima?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Bembeke. Ndili ndi zaka 38, ana atatu, ndipo ndine wamtali masentimita 162. Mu Febuluwale kuchipatala anandiuza kuti BP yayamba kukwera, ndichepetseko thupi. Nthawi imeneyo ndinali ndi makilogalamu 92. Nsima yamadzulo ndinaichotsa pa mitanda itatu n'kuifikitsa pa iwiri, ndinasiya zoziziritsa kukhosi ndi mandasi a pa buleki, ndiponso ndinayamba kuyenda m'mawa. Pofika kumapeto kwa Juni ndinali pa 83. Kuchokera pamenepo sikelo siikusuntha, masabata asanu ndi awiri tsopano, chonsecho kadyedwe sindinasinthe. Anzanga akuti thupi lazolowera, ndisiyiretu nsima kapena ndizidya kamodzi patsiku. Wina akufuna kundigulitsa tiyi woondetsa. Nditani? Nachisale, Bembeke, Dedza.

Yankho: A Nachisale, zikomo chifukwa mwaika manambala m'kalata yanu. Ambiri amangolemba kuti "thupi likukana", ndiye munthu umasowa pogwira.

Ndiyambe ndi chimene inu mwachidumpha ngati chachabe. Makilogalamu 9 pa 92 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lanu. Tikamauza munthu wa BP kapena amene shuga wayamba kukwera kuti achepetse thupi, timayang'ana pakati pa 5 ndi 10 peresenti, chifukwa pamenepo mpamene BP ndi shuga zimayamba kumvera. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapempha anthu omwe anatsala pang'ono kudwala shuga kuti atsike ndi 7 peresenti yokha ndi kumachita masewera olimbitsa thupi, makamaka kuyenda ndawala, mphindi 150 pa sabata. Odwala shuga pakati pawo anachepa ndi 58 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene sanachite zimenezi. Inu mwadutsa kale pamenepo. Choncho musanalimbane ndi sikelo, kayezetseni BP. N'kutheka kuti chimene munanyamukira ulendowu chatheka kale koma simukudziwa.

Za sikelozo, ndikufunseni kaye: 83 wa mu Juni ndi 83 wa sabata yatha anachokera pa sikelo imodzi? Sikelo ya kuchipatala ndi ya mnyamata woyeza anthu pamsika paboma zimatha kusiyana ndi kilogalamu yathunthu, nthawi zina ziwiri. Ndiye pali zovala. Mu Febuluwale munakwera pasikelo mutavala bulauzi ndi siketi. Mu Julaye, ndi kuzizira kwa ku Bembeke kuja, munakwera mutavala juzi, jekete, chitenje chokulunga m'chiuno ndi nsapato zotseka. Zimenezo pazokha zimapitirira kilogalamu. Madzi nawo amasewera ndi sikelo. Mukadya zamchere wambiri madzulo, mukatsala pang'ono kupita kumwezi, kapena mukadzimbidwa, m'mawa mwake mumalemera ndi kilogalamu imodzi kapena iwiri popanda mafuta aliwonse kuwonjezeka. Ndiye kuyambira lero muziyeza pa sikelo imodzi, m'mawa, mutapita kuchimbudzi, musanamwe tiyi, mutavala zofanana nthawi zonse. Ngati sikelo muli nayo pakhomo, yezani katatu pa sabata n'kupeza nambala ya pakati, monga mumachitira ndi malikisi a ana. Bwerekaninso tepi kwa atelala muziyeza mimba pa mchombo kamodzi pa sabata. Mimba yabwino isapitirire theka la kutalika kwa munthu. Kwa inu ndi masentimita 81. Nthawi zambiri tepi imasuntha sikelo ili chiimire, ndipo pa nkhani ya BP ndi shuga, mafuta a pamimba ndi amene timawaopa kwambiri.

Komabe masabata asanu ndi awiri ndi ambiri. Madzi ndi juzi sizingabise kutsika kwa nthawi yaitali chotere. Tivomereze kuti mwaimadi, ndipo dziwani kuti anthu ambiri ochepetsa thupi amaimira pomwepa, pa mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi. Zifukwa zake ndi ziwiri ndipo zimabwera limodzi. Choyamba anzanu achikhudza pang'ono, chachiwiri sanachitchule n'komwe, koma ndiye chachikulu.

Poti ndinu mphunzitsi, tiyeni tipite pabolodi. Kalori ndi muyeso chabe wa mphamvu imene ili m'chakudya, monga momwe lita imayezera petulo. Thupi limawotcha makalori ngakhale mutagona tsiku lonse, chifukwa mtima, ubongo, chiwindi ndi impso sizipuma. Pali samu imene timagwiritsa ntchito poyerekeza kuwotcha kumeneku, ya Mifflin ndi St Jeor, ya mu 1990. Kwa mayi imayenda chonchi: kulemera kuchulukitsa ndi 10, kuphatikiza kutalika kuchulukitsa ndi 6.25, kuchotsa zaka kuchulukitsa ndi 5, kuchotsanso 161. Muli pa 92, yankho linali pafupifupi 1,580. Pa 83 ndi pafupifupi 1,490. Kwa munthu amene amaima m'kalasi, kuyenda kupita kusukulu, kuphika ndi kuchapa, timachulukitsa ndi 1.5. Ndiye mu Febuluwale thupi lanu linkawotcha pafupifupi 2,370 patsiku, ndipo lero samu ikuti 2,240. Kunena zoona nambala yeniyeni imatsikirapo pang'ono, chifukwa thupi likaona kuti likuchepa limayamba kuumira: mumakhala pansi msanga, mumayenda modekha, ndipo ziwalo zimagwira ntchito mosamala mphamvu. Komanso ganizani kuti mwatula katundu wolemera ngati mapaketi 9 a shuga amene munkayenda naye paliponse. Kukwera chitunda chomwe chija sikukudyaninso mphamvu ngati kale. Akatswiri monga Kevin Hall, amene ankagwira ntchito ku bungwe lofufuza za umoyo la National Institutes of Health ku America, amawerengera kuti kilogalamu iliyonse imene munthu wataya imachotsa makalori 20 mpaka 30 pa zimene amawotcha patsiku. Kwa inu tinene kuti 200 achoka, ndipo tsopano mukuwotcha pakati pa 2,150 ndi 2,200. Uku ndiko "kuzolowera" kumene anzanu akunena. Kulipodi, koma kukula kwake ndi ngati ndasi limodzi lalikulu patsiku.

Tsopano tipite ku chifukwa chachiwiri chija, tiwerenge mobwerera. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700. Makilogalamu 9 pa masiku pafupifupi 150 akutanthauza kuti tsiku lililonse munkadya makalori ochepera ndi 460 kapena kuyandikira pamenepo pa zimene munkawotcha. Ndiye kuti munkadya pafupifupi 1,900. Mukanakhala kuti mukudyabe 1,900 lero, mpata ukanakhalapo wa 250 kapena 300, ndipo mukanamatsika kilogalamu imodzi pamwezi. Pang'onopang'ono, koma osaima. Poti mwaima, samu ikuti mukudya zofanana ndi zimene mukuwotcha. Makalori 250 kapena 300 alowa m'nyumba osaodira.

Sindikunena kuti mukunama, ayi. Mitanda iwiri ija ikadali iwiri, mandasi simunabwerere, ndiye m'mutu mwanu palibe chasintha. Koma maso ndi kukumbukira si sikelo. Mu 1992 ofufuza ku New York anatenga anthu amene ankanenetsa kuti amadya makalori osafika 1,200 patsiku koma thupi silitsika, n'kuwayeza ndi njira zodalirika. Anapeza kuti matupi awo ankawotcha bwinobwino ngati a wina aliyense, koma zakudya zimene ankanena kuti adya zinali zochepera ndi 47 peresenti pa zimene anadyadi. Sanali anthu abodza, ndipo ena anadabwa kwambiri ataona zotsatirazo. Ngakhale ife amene ntchito yathu ndi imeneyi timaphonya tikamayeza mbale ndi maso. Palinso china chimene chikukukankhani mosaonekera. Mu 2016 gulu la ofufuza lomwe munalinso Hall yemweyo linapeza kuti kilogalamu iliyonse imene munthu wataya imakweza chilakolako cha chakudya ndi makalori pafupifupi 100 patsiku. Yerekezani: kuwotcha kumatsika ndi 20 kapena 30, njala imakwera ndi 100. Kwa inu ndiye kuti thupi likupempha makalori 900 owonjezera tsiku ndi tsiku, ndipo inu mwangolipatsa 300. Kumeneko ndi kulimba mtima, si kulephera. Koma 300 ameneyo tiyenera kumupeza.

Tengani kope la masamba ochepa, lembani chilichonse cholowa pakamwa kwa masiku asanu ndi awiri, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Lembani nthawi yomweyo, osadikira madzulo, ndipo sabata imeneyo musasinthe kadyedwe kuti kope lioneke bwino. Kulawa ndiwo lembani. Nkhoko zimene mwakokota mumphika lembani. Mkute wa dzulo, theka la buledi limene mwana wasiya, chimanga chowotcha chimene mnzanu wakubenthulirani mu sitafu, zonse. Ndinathandizapo mayi wina wogulitsa mbatatesi pa Lizulu amene analumbira kuti masana sadya chilichonse. Atabwera ndi kope, masana analidi opanda nsima, koma panali mzere umodzi wobwerezabwereza kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko: "mtedza pang'ono". Ankauika m'thumba la epuloni n'kumatapa podikira makasitomala. Titayeza "pang'ono" ameneyo anakwana magalamu 100 ndi kupitirira patsiku, omwe ndi makalori pafupifupi 570, kuposa mitanda iwiri ya nsima imene ankadzimana. Mtedza ndi chakudya chabwino ndithu, koma dzanja limodzi lili ndi makalori pafupifupi 170, ndipo miyezi ino ya pambuyo pokolola umangopezeka m'nyumba iliyonse.

Ndikanati ndilosere zimene mupeze m'kope lanu, ndikanayamba ndi tiyi. Sikelo yanu yaima m'miyezi yozizira, ndipo ku Dedza kuno Juni ndi Julaye munthu amene amamwa kapu imodzi amafika pa zitatu: m'mawa, pa buleki, madzulo pochonga makope. Kasupuni ka shuga kosefukira, monga timathirira ife, kali ndi makalori pafupifupi 25. Masupuni atatu pa kapu, makapu atatu, ndi 225. Onani, tatsala pang'ono kukwanitsa 300 tisanafike n'komwe pa mbale. Munasiya botolo la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300, lomwe lili ndi makalori pafupifupi 130, koma shuga yemweyo wabwerera kudzera m'ketulo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapitirire magalamu 50 patsiku, ndipo likuti ndi bwino kwambiri atakhala pansi pa 25, omwe ndi timasupuni 6 tosasefukira. Thobwa lothira shuga ndi Sobo ziwerengereni komweko.

Chachiwiri ndi mafuta ophikira, ndipo apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene pamabisala zambiri. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya ufa kapena ya shuga ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi 120. Vuto ndi lakuti palibe amene amayeza. Timangopendeketsa botolo mpaka pansi pa poto patanyezimira. Kabichi wodzaza mbale alibe ngakhale makalori 50, koma akakazingidwa ndi masupuni atatu a mafuta wasanduka chinthu china. Njira yosavuta yodziwira ndi iyi: lembani tsiku pa botolo mukalitsegula. Lita imodzi ya mafuta ili ndi makalori opitirira 8,000. Botolo la malita awiri likamatha pa masabata awiri m'nyumba ya anthu asanu, aliyense akumwa makalori pafupifupi 240 a mafuta okha patsiku, ndipo gawo la akuluakulu limaposa pamenepo chifukwa mbale zawo ndi zazikulu. Botolo lomwelo likafika mwezi, mwachotsa oposa 100 pa munthu aliyense popanda amene wagona ndi njala, ndipo ndi mitengo ya mafuta ya masiku ano, bambo a kunyumba sakudandaulani. Siyani supuni pafupi ndi botolo, muzithira ndi supuniyo. Ngati amene amaphika masana ndi mwana kapena wantchito, muonetseni, chifukwa muyeso wanu sugwira ntchito pa mphika umene simunaphike.

Mbatatesi yathu ya kuno isanamiziridwe. Yowiritsa ili ndi makalori pafupifupi 85 pa magalamu 100, ndipo ndi chimodzi mwa zakudya zimene zimakhutitsa kwambiri. Yomweyo ikadutsa pa chiwaya imafika pafupifupi 300. Ndiye tchipisi timene mumagula podikira minibasi paboma mukapita kukatenga malipiro, tiikeni m'kope.

Chachitatu ndi Loweruka. Tili m'nyengo ya maukwati, zinkhoswe ndi ziliza. Tinene kuti kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu mwasamala n'kusunga makalori 300 tsiku lililonse. Pamodzi ndi 1,500. Loweruka kuukwati mwalandira mpunga, nkhuku yokazinga, tchipisi, saladi wa mayonezi, Fanta ziwiri ndi keke, ndiye pofika kunyumba mwadyanso nsima chifukwa mpunga si chakudya. Lamlungu potuluka ku tchalitchi kuli nyama ndi alendo. Masiku awiriwo adya zonse zimene masiku asanu anasunga, ndipo Lolemba sikelo ili pomwe inali. Munthu wotere amaona ngati akuvutika sabata yonse pachabe, ndipo akunena zoona. Sindikuti muzikana maukwati. Pitani mutadya kanthu kunyumba, sankhani chimodzi pakati pa mpunga ndi tchipisi, chakumwa chikhale chimodzi, ndipo chakudya cha kuukwaticho chiwerengedwe ngati chakudya, osati ngati chongodutsa.

Ndiye muchotse zingati? Makalori 300 patsiku kuchokera pa zimene mukudya panopa, basi. Tiyi atsike kufika kasupuni kamodzi pa kapu, mwapeza 150. Supuni imodzi ya mafuta ichoke pa gawo lanu, mwapeza 120. Mtedza ukhale dzanja limodzi loyezeratu m'mawa, osati wotapa. Mwakwanitsa kale, nsima musanaikhudze.

Mbali ina ya samuyi ndi miyendo. Mwalemba kuti munayamba kuyenda m'mawa. Simunalembe kuti mukuyendabe. Sindingakudzudzuleni ngati chifunga cha mu Julaye chinakubwezerani m'bulangeti, koma munthu wa makilogalamu 83 akayenda ndawala kwa mphindi 30 amawotcha makalori pafupifupi 150, ndipo akasiya, 150 ameneyo amasowa pa samu mwakachetechete. Ngati m'mawa mukuzizira, yendani mukaweruka, dzuwa lisanalowe. Ngati mwayamba kukwera kabaza pa mtunda umene kale munkayenda, bwererani pansi ulendo umodzi mwa iwiriyo. Mukachotsa 300 ku chakudya n'kubwezera 150 wa kuyenda, mpata ukhala 450, womwe ndi makilogalamu awiri pamwezi kapena kuchepera pang'ono. Musayembekezere liwiro la mu Malichi. Masabata oyambirira aja mbali ina inali madzi. WHO imalangizanso masiku awiri pa sabata a zolimbitsa minofu. Sipafunika jimu. Kukhala ndi kudzuka pampando kakhumi ndi kasanu, kukankha khoma ndi manja, kunyamula zigubu za madzi za malita asanu m'manja monse, kubwereza katatu. Izi siziwotcha makalori ambiri, koma zimateteza minofu kuti chimene chikuchoka chikhale mafuta.

Tsopano malangizo a anzanu aja. Mukasiyiratu nsima, sabata yoyamba sikelo itsika ndi kilogalamu imodzi kapena iwiri, ndipo mudzati anzanu ananena zoona. Koma ambiri mwa amenewo ndi madzi. Thupi limasunga chakudya chokhutitsa m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse yosungidwayo imagwira magalamu atatu a madzi; nkhokwe imeneyi ikaphwa madziwo amatuluka, mukadyanso nsima amabwerera. Funso limene ndimafunsa aliyense ndi lakuti: kodi mungakhale osadya nsima mpaka Disembala wa chaka chamawa, m'nyumba imene mumaphikira ana atatu nsima tsiku lililonse? Nsima ilibe mlandu wapadera. Ufa wa magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360, ndipo mtanda wapakatikati umakhala ndi pafupifupi 250, malinga ndi chipande komanso dzanja la woomola. Pamenepa ndiye poyenera kuyang'ana: mitanda ikadali iwiri, koma kodi ndi yofanana ndi ya mu Febuluwale? Njala ija ya 900 imakonda kulowa m'dzanja logwira chipande. Mgaiwa ndi ufa woyera sizisiyana kwenikweni pa makalori, koma mgaiwa umakhalitsa m'mimba chifukwa cha gaga, ndiye umathandiza.

Kudya kamodzi patsiku si matsenga. Mu 2022 ku Guangzhou, m'dziko la China, anthu 139 anagawidwa pawiri kwa chaka chathunthu: onse anapatsidwa muyeso wofanana wa makalori, koma ena ankadya mkati mwa maola 8 okha. Kumapeto kwake kusiyana kwa magulu awiriwo kunali kochepa moti ofufuzawo sanakuwerengere. Chimene chimatsitsa thupi ndi kuchuluka kwa zonse zimene mwadya, osati wotchi. Alipo anthu amene kudya kawiri kumawayanja, koma mphunzitsi amene waima kutsogolo kwa ana kuyambira 7:30 wopanda kanthu m'mimba amafika madzulo ali ndi njala yoti mbale imodzi siimuletsa, ndipo ana a m'kalasi ndi amene amalipira mkwiyo wake masana.

Mumvanso ena akunena zosiyana ndi zimenezi, kuti sikelo yaima chifukwa mukudya zochepa kwambiri, thupi latseka, ndiye muwonjezere chakudya kuti litseguke. Zimenezo si zoona. Mu 1944 ndi 1945 ku Minnesota, m'dziko la America, wofufuza wina dzina lake Ancel Keys anayesa njala pa anyamata 36 odzipereka, n'kumawapatsa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kuwotcha kwa matupi awo kunatsikadi kwambiri, pafupifupi ndi 40 peresenti, komabe anataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Ndipo ife a kuno sitifunika kuuzidwa ndi a ku America. Amene anaona njala ya 2002 akudziwa kuti palibe amene thupi linamutsekera. Chimene kafukufukuyo amatiphunzitsa ndi china: anyamatawo anafooka, ankangomva kuzizira, maganizo awo onse anali pa chakudya, ndipo atamasulidwa ambiri anadya mosadziletsa mpaka mafuta a m'thupi anapitirira a poyamba. N'chifukwa chake sindifuna kuti mudule kwambiri. Mayi asatsike pansi pa makalori 1,200 popanda kuyang'aniridwa ndi achipatala, ndipo kwa inu, ndi ntchito yanuyo, sindikuona chifukwa chotsikira pansi pa 1,600.

Njalayo muithane nayo ndi kakonzedwe ka mbale. Theka la mbale likhale masamba, ndipo apa ndinu odala, chifukwa kabichi, mpiru, tomato ndi karoti zimene a ku Lilongwe amaimitsira galimoto pamsewu inu muli nazo pakhomo. Onjezani nkhwani, bonongwe ndi chisoso. Zotendera n'zabwino, kungoti nsinjiro ndi mtedza womwe uja, ndiye tsiku lotendera musathirenso mafuta. Kenako zakudya zomanga thupi, zimene zimagwira m'mimba nthawi yaitali kuposa china chilichonse ndipo zimasunga minofu. Munthu wa msinkhu wanu amene akuchepetsa thupi afunika magalamu 90 mpaka 100 a mapuloteni patsiku. Dzira limodzi lili ndi 6, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, dzanja lodzaza la usipa wouma limayandikira 18, ndipo nyama ya soya yosaphika ya magalamu 50 ili ndi pafupifupi 25. Chakudya cha m'mawa ndi chimene chimakhala chopanda kanthu m'nyumba zambiri: tiyi ndi buledi wopaka majarini, 10 koloko njala yabwerera. Yesani mazira awiri owiritsa ndi mbatata imodzi yowiritsa, kapena phala la mgaiwa losakaniza ndi soya, muone ngati pa buleki mungafunenso kanthu. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene mumaphunzitsa ana aja asasowe ngakhale limodzi. Chikusintha ndi kukula kwa gawo lililonse.

Tiyi woondetsayo musagule. Ambiri mwa matiyi amenewa amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba monga senna, kapena okodzetsa. Chimachoka ndi madzi ndi za m'matumbo, mafuta ali pomwepo. Kwa munthu wa BP n'zoopsanso, chifukwa ngati anakupatsani mapiritsi okodzetsa monga HCTZ, ziwirizi pamodzi zimatha kutsitsa mchere wa potaziyamu umene mtima umadalira.

Simunatchule za mankhwala, ndiye ndifunse. Jakisoni wolera wa Depo amanenepetsa amayi ena. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, nawonso amakweza thupi mwa ena, makamaka amayi. Chimodzimodzi mankhwala a prednisolone ndi amitriptyline, komanso a shuga monga insulin ndi glibenclamide. Ngati mwayamba kapena kusintha amodzi mwa amenewa miyezi yapitayi, musasiye panokha ngakhale tsiku limodzi. Kauzeni amene anakupatsani, mukambirane. Ngati mwadumphitsa kumwezi, yezetsani mimba musanadule chakudya chilichonse. Ngati mapazi akutupa kapena mukubanika mukagona, pitani kuchipatala sabata yomwe ino, chifukwa amenewo angakhale madzi a vuto la mtima kapena impso. Kutopa kosatha, kudzimbidwa, khungu louma ndi kutupa pakhosi zimatipangitsa kuganizira chithokomiro, ngakhale kuti mwa anthu amene sikelo yaima, amene vuto lawo ndi limeneli ndi ochepa. Tulo natonso: munthu wogona maola osafika 7 amamva njala kwambiri tsiku lotsatira, ndipo chimene amalakalaka si kabichi.

Pali njira ina imene anthu saiganizira, yomwe ndi kungokhala pa 83 mwadala kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Ngati mwatopa ndi kuwerenga, ngati ino ndi nthawi ya mayeso kapena pakhomo pali matenda, kugwira 83 osabwerera ku 92 ndi ntchito yokwanira payokha, ndipo ndi imene imagonjetsa anthu ambiri kuposa kutsikako. Zimapatsanso mpata achibale kuti azolowere, chifukwa ndikudziwa kuti pofika pano alipo kale amene akufunsani motsitsa mawu kuti, "Kodi muli bwinobwino?" ndiponso apongozi amene akuganiza kuti mwana wawo sakukusamalani. Mukapuma, mudzayambirenso ndi mphamvu.

Mukasankha kupitiriza, sabata yoyamba ikhale ya kope lokha. Kenako sinthani tiyi, mafuta ndi kuyenda, n'kugwira zimenezo masabata anayi athunthu osasinthanso china, kuti kumwezi kudutsemo kamodzi. Sikelo kapena tepi ikasuntha, ngakhale pang'ono, musakhudze kalikonse. Zonse ziwiri zikakana, chotsani theka la mtanda madzulo, lomwe ndi makalori pafupifupi 125, m'malo mwake muike masamba. Mukadzafika pa 78 mudzawerengenso samu ija ndi kulemera kwatsopano, chifukwa makilogalamu asanu aliwonse amachotsanso makalori 100 kapena kupitirira, ndipo sikelo idzaimanso. Ikakana ngakhale mutachotsa theka la mtandalo kwa masabata ena anayi, tengani kope lija pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, mupite pa chipatala cha boma ku Dedza mukapemphe kuonana ndi a za kadyedwe.